Mmene ndimakanira phwando popanda kudana ndi abale kuno ku Harare

Pali anthu amene akamva kuti Loweruka kuli ukwati amayamba kusita zovala Lachinayi, mtima uli dyokodyoko. Palinso ena amene uthenga womwewo umawasowetsa tulo. Ine ndili m'gulu lachiwirili, ndipo ndikudziwa kuti kuno ku Harare tilipo ambiri, kungoti timafera mumtima. Bambo wina wa kumpingo kwathu ananenapo pagulu kuti patapezeka munthu woti amupatse madola 50 kuti dzina lawo lichotsedwe pa gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati, akhoza kulipira tsiku lomwelo. Anthu anafa nazo nseko, koma ine nditawayang'ana kumaso ndinaona kuti akulankhula zochokera pansi pa mtima. Ndikulembera anthu ngati bambo amenewa.

Ndine telala, ndimasokera pakhomo ku Mufakose komwe ndinabadwira. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anabwera kudzera ku Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito zopita ku Rhodesia, anayambira m'minda ya fodya, kenako anadzapeza ntchito m'tauni. Mbiri yotereyi ndi ya mabanja ambiri a ku Mbare, Highfield, Mabvuku, Tafara, Dzivaresekwa ndi Epworth, ndipo ndi imene imachititsa kuti kukana phwando kutilemere ife kuposa anzathu. Anzathu achishona Khirisimasi ikayandikira amakwera basi pa Mbare Musika kupita kumudzi kwawo, komwe kuli manda a makolo awo, minda ndi ng'ombe. Ambiri a ife kuno tilibe mudzi. Ku Malawi n'kutali, ulendo wake ndi wodutsa pa Nyamapanda ndi ku Tete, ndipo ena mwa ife sitinapondeko n'komwe. Ndiye mudzi wathu ndi ukwati, chinkhoswe, kitchen party, kuvundukula chiliza ndi maliro. Ndi pamene ana amadziwira kuti awa ndi azakhali, awa ndi amalume, ndi pamenenso Chichewa chimamveka tsiku lonse. Ukasowa pamenepo, anthu amati wadzipatula pamtundu.

Vuto langa ndi mutu waching'alang'ala, komanso makutu amene amalira okha ndikakhala paphokoso. Amene sanadwalepo mutu umenewu amaganiza kuti ndi nkhani yomwa panado n'kubwerera kukavina. Ukwati wa kuno mumaudziwa. Holo ya denga la malata, mipando yapulasitiki yovekedwa nsalu zoyera, kutsogolo mikuzamawu itasanjikizana mbali zonse ziwiri mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. DJ akayatsa sungura kapena zimdancehall, mbale za patebulo zimanjenjemera ndipo kugunda kwake umakumvera m'chifuwa. Kenako woyendetsa mwambo amatenga maikolofoni n'kuyamba perekaniperekani: akuchikazi imirirani, akuchimuna imirirani, anzake a kuntchito, amayi a kumpingo, amene avala zobiriwira, amene akwera kombi pobwera kuno. Gulu lililonse ndi nyimbo yake, nyimbo iliyonse mokweza kuposa inzake. Ine pofika pagulu lachitatu ndimayamba kuona timizere tonyezimira m'mbali mwa diso, ndipo ndimadziwa kuti zayambika. Chotsatira ndi kusanza, chipinda chamdima, kansalu konyowa pamphumi, mashini osokera ali duu mpaka Lachiwiri, makasitomala akugogoda pageti kufuna zovala zawo.

Namwino wina wa pakiliniki yathu ndi amene anandithandiza kumvetsa kuti si ulesi kapena kudzimva. Anandiuza zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena: phokoso la madesibelo 80 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu wamkulu akhoza kukhalapo mpaka maola 40 pa mlungu osavulala makutu, koma likafika pa 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 basi. Mu 2022 bungweli linatulutsa mulingo woti malo azisangalalo asamapitirire madesibelo 100. Njira yapafupi yodziwira, anatero namwinoyo, ndi iyi: ngati ukufunika kukuwa kuti munthu amene wakhala naye pafupi akumve, phokosolo lapyola kale muyeso. Ganizirani ukwati womaliza umene munapitako, ndipo mukumbukire mmene munkalankhulira ndi amene anali pampando woyandikana nanu. Makutu akawonongeka ndi phokoso sabwereranso mwakale.

Ena chimene chimawathawitsa si mutu ayi, ndi thumba. Ukwati umodzi umabwera ndi lonjezo la ku komiti, nsalu ya yunifomu ndi kusoketsa kwake, mphatso ya kitchen party, tsitsi, thiransipoti, ndiye pamwamba pake ndalama zosinthasintha zokaponya m'lichero. Ine monga telala ndimaziona pafupi kwambiri. Amayi amabwera ndi nsalu ya yunifomu n'kundinong'oneza kuti ndiwasokere pangongole chifukwa ndalama ya nsaluyo atenga kwa akatapila, omwe kuno amati a chimbadzo. Chibwerereni ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, mu Epulo 2024 anthu ambiri amalandira malipiro osakaniza ZiG ndi madola, koma a holo, a keke ndi a zithunzi amafuna dola ya America. Mayi wina anandiuza akulira kuti mu Disembala umodzi anaitanidwa ku maukwati atatu, ndipo Januwale atafika ana anakhala pakhomo osapita kusukulu.

Tsono njira imene anthu ambiri amaganiza kuti ndi yachidule ndi yotumiza ndalama pa EcoCash n'kulemba kauthenga kakuti pepani, sinditha kubwera. Ndinaona ndi maso anga mmene zimathera. Msuweni wanga wina wogwira ntchito mu ofesi m'tauni anachita zimenezi pa ukwati wa mwana wa azakhali athu, ndipo ndalama yake sinali yochepa. Azakhali anaitana mdzukulu wawo, anamuuza kuti aibweze yonse pafoni pomwepo, n'kunena kuti: "Mumuuze kuti kuno sitikugulitsa kanthu." Panadutsa nthawi yaitali awiriwa asakulankhulana. Ndalama ikabwera yokha, mwini wake osaoneka, achikulire amaimva ngati chipongwe, ngati ukuwalipira kuti akusiye.

Chimene chinandithandiza ine ndi miyendo. Ukwati wina wa pabanja pathu utalengezedwa, kudakali milungu ingapo ndinakwera kombi kupita ku Mabvuku kwa azakhali, nditanyamula shuga, buledi ndi mafuta ophikira. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Titapatsana moni ndi kufunsana za ana, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Azakhali, ndabwera ndi pempho, ndipo mundimvere mpaka ndimalize."

"Lankhula mwanawe, makutu ndi ako."

Ndinawafotokozera za mutu, za kusanza, za masiku amene ntchito imaima. Sindinakometse kapena kuwonjezera. Ndinati ku tchalitchi ndidzakhalako kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kukhitchini ndidzafika m'bandakucha, madiresi a ana operekeza mkwatibwi ndisoka ine popanda malipiro, koma kuholo nyimbo zikadzayamba mudzandilole ndibwerere kunyumba.

Anakhala chete kanthawi, manja ali m'nyemba. Kenako anati: "Nanga akadzaitana ana a achimwene anga kuti aimirire, ine ndidzayang'ana kuti?"

Funso limeneli ndi limene lili pansi pa mkwiyo wonse umene timauopa. Iwo sadandaula kuti sunavine. Amaopa manyazi a pagulu, kuti akuchimuna adzawerenga mitu n'kuona kuti mtundu wa mkwatibwi ndi wochepa kapena ndi wosagwirizana. Ndinawayankha kuti envulopu yanga idzakhala ndi achemwali anga, ndipo akadzaitana gulu lathu iwo adzaponya n'kutchula dzina langa, ana anga nawonso adzaimirira pamzere. Azakhali anagwedeza mutu n'kunena kuti: "Ukanabisa ndikanakuda. Koma nyama udzaidule ndiwe, ena aja amadula zibanthu zosiyana, alendo n'kumadandaula."

Tsikulo ndinafika kudakali mdima. Kuseri kwa nyumba kunali mapoto akuluakulu atatu pamafuwa, utsi ukulowa m'maso, amayi atamanga zitenje m'chiuno akusenda anyezi ndi kupala kaloti. Wina anayambitsa nyimbo ya kwaya motsitsa, ena n'kumapolokozera uku manja akugwira ntchito. Pamenepo m'pamene ndinamva nkhani zonse za pamtundu: amene wabereka, amene akudwala shuga, amene wapeza chitupa patatha zaka akuvutika nacho. Zimenezi kuholo sungazimve, pakuti kumeneko palibe amamva mnzake. Titachoka ku tchalitchi ndinagwira chanza makolo a mbali zonse ziwiri, ndinajambulitsa nawo chithunzi cha banja, ndipo galimoto zitayamba kuliza mahutala kulowera kuholo ine ndinakwera kombi yobwerera ku Mufakose. Lolemba m'mawa ndinali pamashini, mutu uli bwinobwino.

Kuyambira pamenepo ndi mmene ndimachitira, ndipo pali zingapo zimene ndaona kuti zikapanda kutsatidwa njirayi siyenda. Munthu woyenera kumuuza ndi mwini mwambo weniweni, kawirikawiri mayi wa mkwatibwi, azakhali kapena ankhoswe, osati wapampando wa komiti, ndiponso osati pa gulu la WhatsApp pamene aliyense amaponyapo yake. Upite msanga, asanawerenge mbale ndi mipando. Unene chifukwa chimodzi choona. Bodza la ulendo wa ku Bulawayo kapena la mwana wodwala silikhalitsa, Harare wa Achewa ndi wamng'ono, wina adzakuona pamsika tsiku lomwelo. Ngati vuto ndi ndalama, nena kuti ndi ndalama, utchule imene ungakwanitse, ndipo yunifomu uikane poyera. Sindinaonepo munthu atabwezedwa pakhomo la tchalitchi chifukwa chovala diresi lake lakale lochapa bwino. Ndipo usangopempha kuchotsedwa, upemphe ntchito ina: kutsuka mbale m'mawa mwake, kugoneka alendo ochokera ku Norton kapena ku Chegutu, kubwereketsa mipando, kusunga ana aang'ono.

Sikuti aliyense anandimvetsa. Alamu anga ena mpaka lero amati ndimadzimva, ndipo ndinamvapo kuti ndinalowa mpingo woletsa kuvina. Zimawawa, makamaka zikachokera kwa munthu amene unamusokera diresi laukwati. Ndinasankha kusayankha, chifukwa ndikayamba kudziteteza kwa aliyense nkhaniyo imakula. Amene ndinawauza pamaso ndi amene amandiyankhira ine kulibe.

Miyambo ina ndi yosavuta kuigawa pakati. Ife Achewa mwambo wathu ndi chinkhoswe, pamene ankhoswe a mbali ziwiri amadziwana n'kupatsana nkhuku, akuchimuna tambala, akuchikazi thadzi. Koma ana athu ambiri akukwatirana ndi Ashona, ndiye timapezeka pa roora, mwambo wawo wa malowolo. Gawo lokambirana limachitikira m'nyumba, anthu atakhala pansi, mawu akudutsa mwa mkhalapakati, kuwomba m'manja mwaulemu. Pamenepo ndimakhalapo mosangalala. Zaka zaposachedwapa kwawonjezeka gawo lina la atsikana ovala zofanana, matenti, ojambula ndi DJ, ndipo limeneli ndi limene ndimatsanzika lisanayambe. Kitchen party ndimapita kukasiya mphatso dzulo lake, n'kukhala ndi mtsikanayo pawiri. Malangizo amene ndingamupatse tili awiri amawamva bwino kusiyana ndi okuwa pa maikolofoni, amayi ena atamwa kale.

Za mpira ndi zina zotere n'zopepuka chifukwa palibe chibale chimene chimaduka. Bambo a kunyumba kwathu ndi a Dynamos kuyambira ali mwana, ndipo Highlanders kapena CAPS United ikamabwera ku bwalo la mpira la Rufaro tulo sapeza. Anayesapo kunditenga, ndinawauza kuti mavuvuzela ndi kuthinana kwa pageti sindingakwanitse, basi nkhani inathera pomwepo. Amapita ndi mwana wathu wamwamuna. N'chimodzimodzi kokawotcha nyama kwa Mereki ku Warren Park, komwe galimoto iliyonse imatsegula zitseko n'kuliza nyimbo yakeyake, kapena chionetsero cha zaulimi cha mu Ogasiti ku Exhibition Park. Chimodzi chokha ndikupempha makolo anzanga amene muli ngati ine: ana musawamane. Apite ndi azakhali awo kapena amalume awo, akaone ng'ombe ndi mathirakitala, akavine kuukwati. Vuto la mutu wanga si lawo, ndipo iwo akufunika kudziwana ndi abale awo.

Chovuta kwambiri ndi phwando limene limakupeza pakhomo pako. Anyamata akatseka msewu n'kuyika mikuzamawu ya passa passa usiku wonse, palibe khadi loitanira loti ulikane. Amayi anga ali ndi BP ndipo usiku wotere sagona n'pang'ono pomwe. Kukalipa pakati pausiku sikuthandiza, anthu atamwa kale. Chimene chinatithandiza n'chakuti amayi atatu a mumzere wathu tinapita masana kwa mnyamata wokonza zimenezi, yemwe tinamuona akukula, n'kumupempha zinthu ziwiri: azitiuza kudakali masiku, ndipo mikuzamawu iziyang'ana kubwalo osati kunyumba. Choyambacho amachisunga, chachiwiricho nthawi zina. Tikadziwa tsiku, amayi amakagona kwa achemwali ku Kambuzuma. Ine ndimavala zotsekera m'makutu zofewa zija zimagulitsidwa ku famase ndi m'mashopu a zipangizo zomangira. Uzipinde ndi zala zikhale zowonda, ukoke khutu m'mwamba, ulowetse n'kugwira pang'ono mpaka zifufume. Thonje musadzivutitse nalo, silitchinga phokoso mokwanira.

Palinso gule wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure. Anabwera ndi makolo athu ndipo amavinidwabe m'madera ngati Mbare, Mufakose, Dzivaresekwa ndi m'mafamu ozungulira mzinda. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Pali anthu amene amayenda mtunda wautali kukaonera, ndipo pali ena, chifukwa cha chikhulupiriro kapena mantha a paubwana, amene sangayandikire ngakhale utawalipira. Agogo anga anali a kudambwe, ine ndinakulira mu CCAP, ndiye mbali zonse ziwiri ndi abale anga. Ngati simufuna kuonera, chokani mwaulemu ng'oma zisanayambe, musanyoze, musaloze chala, musatulutse foni kuti mujambule popanda chilolezo, ndipo mukakumana nawo panjira apatseni mpata. Kawirikawiri eni gule sakakamiza munthu amene wadzipatula mwaulemu. Chimene chimabweretsa mkangano ndi kuima pompo n'kumalalikira kapena kuseka.

Koma pamaliro pokha njira yanga yonseyi sindiigwiritsa ntchito, ndipo sindingalangize munthu kuti ayese. Makolo athu atafika kuno opanda mudzi anayambitsa mabungwe oikana maliro, ndipo mpaka lero ndi amene amagula bokosi, kupeza basi ndi kuphika. Chopereka cha pamwezi chimafunika, koma sichilowa m'malo mwa thupi lako. Maliro n'kulirana. Ndaonapo munthu wandalama zake amene ankangotumiza chipepeso pafoni, tsiku limene anafedwa nyumba inali mbee, amayi ophika akuchita kupemphedwa. Kumaliro nakonso kumakhala phokoso, kwaya usiku wonse, ng'oma, masiku ano ngakhale mikuzamawu. Ine ndimakhala kumoto kuseri, zotsekera zili m'makutu pansi pa duku, mankhwala a mutu ali m'chikwama. Ndimagona pamenepo, m'mawa ndimakwera nawo basi mpaka kumanda, kaya ndi ku Mbudzi kaya ku Warren Hills. Mutu ukabwera ubwere, ndidzagona mawa lake. Anthu amene amandiona pamenepo ndi omwe aja amandikhululukira ndikasowa kuholo.

Chaka chino zinthu zatembenuka, mwini mwambo ndine. Mwana wanga wamkazi ali ndi chinkhoswe mu Disembala, ndipo ndinamuuza kuti nyimbo zidzakhalapo, azivina mmene angafunire, tsikulo ndi lake. Ndinangopempha kuti tenti ya achikulire ikhale kuseri kwa nyumba, mikuzamawu iyang'ane kumsewu, ndipo ankhoswe akamalankhula DJ azizimitsiratu osati kungotsitsa. Yunifomu tagwirizana kuti ikhale ya operekeza okha. Pa gulu la WhatsApp ndinaletsa kulemba mndandanda wa amene apereka ndi amene sanapereke, chifukwa mndandanda umenewu ndi umene umathamangitsira anthu kwa akatapila. Anthu awiri abwera kale kudzatsanzika. Mmodzi ndi bambo aja a madola 50, amene anafika ndi chipewa m'manja akusowa poyambira. Ndinawathandiza ndine kumaliza mawu awo, ndipo tagwirizana kuti adzabweretsa nkhuni ndi madiramu awiri a madzi Lachisanu madzulo. Winayo ndi mtsikana wa mwana wakhanda, iye adzabwera Lamlungu kudzatsuka mapoto.